Mapepala Osapinda M'bokosi la ku Laibulale

Maliro a mayi awo anatha Loweruka. Lolemba achemwali ake a Sajeni anaimitsidwa ntchito.

Sajeni anaimva nkhaniyo ali chilili m'khitchini, chikwama atamanga kale, tikiti ya basi ili m'thumba la malaya. Achemwaliwo sanachulutse mawu. Anaika envulopu patebulo, pakati pa makapu obwereka amene anali asanabwerere kwa eni ake, n'kumuuza kuti awawerengere. Maso akuwawa ndi kulira, anatero. Iye anawerenga mokweza, ndi mawu amene amawerengera munthu mlandu. Khonsolo ya mzinda inkawaganizira kuti anasintha mapepala m'bokosi la maganizo a anthu ku laibulale, kumene anakhala akukolopa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Lachisanu kukhala msonkhano. Akapezeka olakwa, ntchito yathera pomwepo, nkhani ipita kupolisi.

"Kupolisi n'kwanu, Mlendo," anatero achemwali akutsegula mpopi. "Uwauze anzako andipatse bulangete lopanda nsikidzi."

Mlendo linali dzina la pakhomo. Anam'patsa ndi malemu mayi awo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu m'polisi, masiteshoni asanu ndi awiri, kwawo ankangofikako ngati munthu wodzapempha madzi akumwa. Anafunsa ngati anachitadi zimenezo. Achemwali anatsuka kapu. Anatsuka ina.

Sajeni anadikira kuti mtima umupweteke. Sunamupweteke. Chichokereni kumanda, zonse ankazimva ngati wailesi ya nyumba yoyandikana nayo. Anatulutsa tikiti ija n'kuitsindikiza ndi chitini cha shuga.

* * *

Lachiwiri Sajeni anapita ku khonsolo. Mayi woyang'anira nkhaniyo anali ndi ofesi yopanikiza, mapulani a nyumba atamatidwa khoma lonse. Ankalankhula ngati akuwerenga lipoti. Mawu oti "onse okhudzidwa" ankawatuluka mphindi iliyonse, ngati chifuwa chosamva mankhwala.

Laibulale yakalamba, anafotokoza. Denga likudontha, mawaya a magetsi ali pamtunda, ndipo kuti munthu afike pakhomo akwere masitepe khumi ndi anayi. Khonsolo inaganiza zoikonzanso, koma inayamba yafunsa kaye anthu. Masabata atatu. Aphunzitsi, ana asukulu, amalonda a mumsewu, atsogoleri a mipingo, olumala, ngakhale oyendetsa matakisi. Aliyense anapatsidwa fomu yoti alembe dzina, ntchito ndi maganizo ake. Njira zinali ziwiri. Yoyamba, kukonza zonse: chipinda cha pansi chosungiramo mabuku akale chikhuthulidwe, chikhale chowerengeramo, chibooledwe khomo loyang'ana kumsewu kuti wa njinga ya olumala azingolowa. Yachiwiri, kukhoma denga ndi kupaka utoto basi.

Bokosi analitsegula Lachisanu lapitali m'mawa, pabwalo la laibulale, anthu akuona. Munatuluka mafomu mazana atatu ndi khumi ndi awiri. Pafupifupi onse ankati denga ndi utoto. Wokonza mawotchi wa pansi pa masitepe anakuwa kuti fomu yake ndi za anzake makumi anayi mulibe. Mphunzitsi wina anaimirira, nati za kalasi yake nazonso mulibe. Msonkhano unathera m'phokoso.

Sajeni anafunsa za kiyi wa loko. Mayiyo anakoka chingwe m'khosi mwawo. Kiyi mmodzi yekha, sanachokepo pamenepo, ndipo loko sanathyoledwe. Koma bokosi linkagona m'kachipinda ka zikolopa, ndipo kiyi wa kachipindako ndi wa wokolopa. Chifukwa chochitira nacho chinalipo. Njira yoyamba ikapambana, laibulale itsekedwa chaka chathunthu, ndipo ntchito yokolopa ipatsidwa kwa kampani.

Sajeni anapempha kuona mafomuwo. Anabwera ali mtolo umodzi womanga ndi lamba wa labala.

"Mwawasakaniza chiwatulutsireni?"

"Ayi, bambo. Ndinawamanga momwe anatulukira, pamaso pa onse okhudzidwa."

Anawathamangitsa ndi chala chachikulu. Osalala ngati achoka pansi pa simbi. M'mbali mwake molingana bwinobwino. Dzina la pamwamba linkayamba ndi A. Pakati panali ma K ndi ma M. Pansi penipeni panali Z. Anaona zimenezo, mutu wake n'kusunga monga umasungira nambala ya galimoto yodutsa, osamuuza kuti n'za ntchito yanji.

Ananena kuti kiyi wa kachipinda si umboni. Mayiyo anavomera. Kenako anatsegula faelo, n'kutulutsa kalata imene achemwali ake anapempherako tchuthi cha maliro Lachinayi. Anaigoneka pambali pa fomu imodzi. Wolemba mafomuwo anayesetsa kudzibisa. Apa wapendeketsa, apa zilembo zikuluzikulu, apa wasintha cholembera. Koma g wake aliyense anali ndi mchira wopindika ngati mbedza, ndipo wa m'kalatayo analinso choncho.

Sajeni sanafunike kuyang'ana kawiri. Dzanja limenelo ankalidziwa. Linkamulembera mwezi ndi mwezi ali ku sukulu ya upolisi, ndi zaka zambiri pambuyo pake. "Wokondedwa mchimwene wanga." Makalatawo anali akadali m'sutikesi yake yachitsulo, imene inayenda naye masiteshoni onse asanu ndi awiri.

Anathokoza. Anatuluka. Pakhonde anapeza kuti wanyamula cholembera cha mayiyo, ndipo sanakumbuke pamene anachitola.

* * *

Wokonza mawotchi ankakhala pansi pa masitepe a laibulale, pa njinga yake ya olumala, katebulo kali pamaondo, galasi lokulitsa zinthu lili padiso limodzi. Kumbuyo kwake pa thabwa panali mawotchi makumi awiri, onse akunena nthawi imodzi.

"Bwana wapolisi," anatero osadzutsa mutu. "Nsapato zanu zakuululani. Ngati mwabwera kudzandimanga chifukwa chokuwa Lachisanu, bweretsani anzanu anayi, ndine wolemera."

Sajeni anakhala pa sitepe yoyamba. Anangofunsa funso limodzi, munthuyo n'kuyankha khumi. Zaka khumi ndi chimodzi ali pamalo amenewo, mkati sanaonemo. Amadziwa laibulale ndi miyendo ya anthu okwera ndi otsika. Atamva za khomo la kumsewu anazungulira mzinda wonse ndi njinga, kuitana anzake. Mafomu awo ankawapereka kwa mayi wokolopa, iwo n'kukawaponyera m'bokosi. Omaliza anakwera Lachinayi m'mawa. Ndipo ankawapinda kanayi, chifukwa mayiyo anawauza kuti kabowo ka bokosilo n'kakang'ono, pepala silingalowe chitambasukire.

Sajeni anakumbukira mtolo wosalala uja. Anafunsa za Lachinayi lonse.

Mayi wokolopa anatsika masitepe nthawi ya khumi ndi ziwiri itadutsa ndi mphindi zisanu, lamya ili m'manja, nsalu ikukwekwereka. Sanabwerenso. Laibulale amatseka hafu pasiti folo, ndipo mkulu wake, amene aliyense amamutchula kuti a Chete chifukwa cha chala chawo chosachoka pamlomo, amatsika mphindi khumi pambuyo pake, tsiku ndi tsiku, moti wotchi ikasochera amaikonzera pa iwo. Lachinayi anatsika sikisi koloko.

"Munawauza a khonsolo?"

"Anandifunsa? Amafunsa za utoto."

Sajeni ananena mosakweza kuti zonsezo sizithandiza. Dzanja lolemba mafomu abodzawo ndi la wokolopayo. Iye mwini walizindikira. Ndi mlongo wake.

Munthuyo anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anasiya. Anachotsa galasi padiso, n'kumuyang'ana ndi maso onse awiri.

"Ndinu achimwene awo enieni? Bere limodzi?"

"Bere limodzi."

"Ndiye mumakhala kutali zedi."

Anayang'ana pamwamba pa masitepe, anayang'ana kumsewu, n'kutsitsa mawu. Mauthenga a pa lamya ya achemwaliwo amawawerengera ndi iye, anatero. Mabotolo a mankhwala a malemu mayi awo ankawawerenga ndi iye, n'kumanga ulusi wofiira pa la m'mawa, wakuda pa la madzulo. Nthawi zonse amati aiwala magalasi. Magalasi alibe. Sukulu anasiyira kalasi yoyamba, bambo atachoka pakhomo, mayi akupita kuntchito, kunyumba kuli khanda lofuna kuberekedwa kumsana.

Sajeni anadziwa khandalo.

"Sadziwa ngakhale A," anatero wokonza mawotchi. "Ndipo mukakanena kuti ndakuuzani ine, wotchi yanuyo ndiikonza kuti izibwerera m'mbuyo. Amayi aja angalolere ndende kusiyana n'kuti anthu amve kuti akhala zaka zonsezi pakati pa mabuku ngati mbuzi m'tchalitchi. Mawu awo amenewo, osati anga."

"Nanga makalata ankawalembera ndani?"

Munthuyo anangoloza ndi chibwano pamwamba pa masitepe.

* * *

Mkati munkanunkha polishi ndi mapepala achinyezi. Ndowa zitatu zinali pansi pa malo odontha. Ana asukulu ochepa, bambo mmodzi akugona pa nyuzipepala. A Chete anali ataima pambali pa mtsikana wina amene anapinda ngodya ya tsamba kuti asaiwale pomwe walekezera. Sanamukalipire. Anatenga bukulo, anawongola ngodyayo ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, ngati namwino pa bala. Anaikamo kapepala, n'kumubwezera.

Anali nkhalamba yowonda, tayi yomanga mpaka pakholingo, mapensulo atatu m'thumba. Sajeni atadzitchula, anapepesa za maliro monong'ona. Ankanong'ona chilichonse. Anavomera kumuonetsa bokosi, n'kutulutsa kiyi wa kachipinda ka zikolopa m'thumba lawo la jekete.

Sajeni anafunsa kuti kiyi ameneyo anamulandira liti. Lolemba, anatero, wokolopa ataimitsidwa ntchito. Koma Lolemba achemwali sanatuluke pakhomo. Kalata ya khonsolo inawapeza kukhitchini. Sajeni sanatsutse. Anangoyang'ana chala cha a Chete, chimene chinanyamuka chokha kupita pamlomo, n'kubwerera.

Bokosi linali la matabwa, lakale, lofika m'chiuno. Kutsogolo loko wa khonsolo, watsopano, wonyezimira. Pamwamba bowo lalitali limene analitseka ndi kathabwa n'kusiya kampata kotalika ngati chala. Sajeni anatenga fomu yosalemba pa mulu umene unatsala pashelefu. Anaiyesa pakampatapo. Sinalowe. Anaipinda kawiri. Sinalowe. Kanayi, inalowa.

A Chete anatembenuzira nkhope kumbali pamene pepalalo linkapindidwa.

Sajeni anakoka bokosi kulichotsa kukhoma. Kumbuyo kunali thabwa lokhala m'mizere iwiri, lopanda msomali. Analikankhira m'mwamba ndi zala ziwiri. Linatsetsereka mosavuta, ngati lozolowera. Fomu yake inagwera panja.

Linali bokosi lobwezeramo mabuku, a Chete anafotokoza asanafunsidwe. La kalekale. Anthu ankaponya mabuku pamwamba, ogwira ntchito n'kumatulutsira kumbuyo. A khonsolo atasowa bokosi, anawabwereka limenelo. Anabwera ndi loko wawo. Kumbuyo sanayang'aneko.

"Ndaona mafomu ku khonsolo," anatero Sajeni. "Palibe ngakhale imodzi yopinda. Ndipo anthu mazana atatu sabwera pamzere, wa A patsogolo, wa Z pambuyo. Wakuba wamba akanangounjika. Ameneyu manja ake anazolowera kusanja zinthu."

M'ndowa munadontha dontho. Kenako lina. A Chete anachotsa magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya tayi, n'kuwavalanso.

"Tsikani kuno, bambo," ananong'ona.

* * *

Chipinda cha pansi chinalibe zenera. Babu limodzi. Mashelefu mpaka kudenga, mipata yake yongokwana munthu woyenda chammbali. Mabuku zikwi zisanu ndi zinayi, a Chete anatero, ndipo ena palibe wawabwereka zaka makumi atatu. Pa pulani ya khonsolo chipindacho anachilemba kuti "malo osagwiritsidwa ntchito". Anafunsa kuti mabukuwo apita kuti. Mnyamata wojambula mapulani anayankha kuti aona. Iwo ankadziwa tanthauzo la kuonako. Amapita kumsika, kukakulungira zinthu.

Ankalankhula akuyenda, dzanja likukhudza misana ya mabuku ngati munthu wodutsa pakati pa odwala. Mafomu osalemba anali nawo ambiri. Mayina anawatenga m'makadi a anthu amene anasiya kubwera kalekale, ena anasamuka, ena anamwalira. Analemba masabata awiri, makumi awiri lero, makumi atatu mawa. Lachinayi wokolopa anawasiyira kiyi akuthamangira kunyumba. Atatseka laibulale anasintha. Zoti anawasanja ndi zilembo sanadziwe n'komwe. Anangoona kuti mulu uli bwino.

"Anafunsa oyendetsa matakisi," anatero. "Anafunsa wogulitsa mazira pangodya apo. Ine ndili muno zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Tsiku loyamba anandipatsa mafomu, n'kundiuza kuti ndizigawira onse okhudzidwa."

Sajeni sanamve chisoni. Sanamvenso mkwiyo. Anafunsa chimene ankafuna kudziwa: mafomu enieni anawawotchera kuti.

A Chete anaima. Koyamba, mawu awo anakwera kufika pa a munthu wamba.

"Kuwotcha? Ine?"

Anamutengera kungodya. Pa tebulo panali mabuku anayi akuluakulu a mapu, osanjikiza. Anawachotsa limodzi limodzi. Pansi pake panali mafomu, mazana anayi ndi kanthu, zolemba za ana, za pensulo, zina zodetsedwa ndi girisi. Anawatambasula onse, n'kuwatsindikiza kuti mizere yopindayo ithe. Sinathe. Fomu iliyonse inali ndi mtanda wake. Anawasanjanso kuyambira A mpaka Z, pamwamba pali kakadi kolembapo tsiku.

Za kalata ya tchuthi sanaganizeko, anatero. Anailemba mothamanga Lachinayi lija, mayiyo akulira pakhomo la ofesi, monga anawalembera zonse zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Atamva kuti yawakola, anayamba kulemba kalata yovomera. Anatulutsa mapepala m'jekete. Inali yachinayi. Zitatu zoyamba sanakhutire ndi kalembedwe kake.

"Achemwali anga akudziwa kuti ndinu?"

"Anandipatsa kiyi ndi dzanja lawo. Sakananditchula osafotokoza chifukwa chake dzanja langa lili pa kalata yawo."

Sajeni anawerenga kalata yovomerayo. Yonse inalimo, bokosi, makadi, Lachinayi. Pa ndime yachitatu panalembedwa kuti wokolopayo sangakhale wolakwa chifukwa satha kulemba kapena kuwerenga. Anatenga pensulo imodzi m'thumba la a Chete, n'kudula ndimeyo ndi mzere umodzi.

"Lembani yachisanu. Munene kuti makalata a ogwira ntchito muno mumawalemba ndinu, monga mkulu wawo. Zathera pomwepo. Mawa m'mawa tipitira limodzi ku khonsolo, inu munyamule mafomuwa."

A Chete anayang'ana mzerewo nthawi yaitali. Anagwedeza mutu kuvomera. Kenako anafunsa ngati angapeze katoni, kuti mafomuwo asapindike panjira.

Ali pa masitepe okwerera kumtunda, Sajeni anatembenuka. Anafunsa kuti mawu a m'makalata a m'sutikesi aja anali a ndani.

"A achemwali anu," a Chete ananong'ona. "Ine ndinkangoika mipumiro."

* * *

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Makapu obwereka anali atapita. Achemwali anali pa mpando wa malemu mayi awo, akupinda zovala za malemuwo n'kumaika m'katoni. Tikiti ija inali pomwe anaisiya, basi yake itapita kalekale.

Anawauza mwachidule. A Chete avomera. Mafomu enieni apezeka. Lachisanu msonkhano ukhala wa wina. Ntchito ilipo, mpaka tsiku limene laibulale idzatsekedwe, ndipo za pambuyo pake adzalimbana nazo ikadzafika nthawi. Achemwali anapitiriza kupinda diresi. Anafunsa ngati a Chete amangidwa. Iye anati sakudziwa. Anafunsanso kuti pamsonkhano pakanenedwa chiyani za kalata ya tchuthi. Anayankha kuti pakanenedwa zoti mkulu wa laibulale amalembera antchito ake onse.

Manja awo anaima pa diresipo. Anamuyang'ana. Iye anayang'ana chitini cha shuga.

"Wokonza mawotchi uja pakamwa pake n'pobooka," anatero.

"Sanandiuze kanthu. Amangokamba za njinga yake."

"Bodza sulitha, Mlendo. Kupolisiko amakusungiranji?"

Sajeni anapisa m'thumba. Anatulutsa fomu imene anayesera pabokosi ija, yopinda kanayi, ndi cholembera cha mayi wa ku khonsolo. Anaitambasula patebulo. Anati mawa mafomu akuwerengedwanso, ndipo awapempha a khonsolo alandire imodzi yochedwa, popeza pali wokhudzidwa wina amene sanamufunse. Analemba dzina lawo. Pa ntchito analemba kuti wokolopa. Anafika pa mzere wa maganizo, n'kudikira.

Achemwali anasalaza diresi pamaondo.

"Khomo la kumsewu likhalepo, munthu uja alowe aone zimene wakhala akuzilondera," anatero. "Mabuku a a Chete asapite kumsika. Awapezere pena."

Analemba.

"Ndiye ulembenso kuti pakhale kachipinda. Kakang'ono. Ka akuluakulu amene akuyamba kumene." Anatsitsa mawu. "Kakhale ndi chitseko chotsekeka."

Cholembera chinafika pa g wa mawu oti kakang'ono. Wake analibe mchira wa mbedza. Mtima umene unakana kumupweteka chichokereni kumanda unamupweteka tsopano. Anamaliza mzerewo choncho, zilembo zikukhotakhota.

Anayamba kuipinda fomuyo. Achemwali anagwira dzanja lake.

"Isiye choncho," anatero. "Ipita m'katoni ya a Chete."